Mulu Wachitatu

Kwathu kuno kuseri kwa Lizulu
kachewere timamusankha pabwalo, milu itatu:
wamkulu wa m'matumba, wopita kumsewu,
wapakati wosungira mbewu,
ndiyeno uja khasu linamutema pamimba,
uja mbozi inamuboola,
uja wobiriwira mbali imodzi chifukwa cha dzuwa.
Ameneyo ndiye wathu.

Ndaziona, mwana wanga wa sitandade folo,
anandifunsa tsiku lina akusenda ndi kampeni kobuntha,
akukolowola zoola:
"Ababa, kodi wamkulu uja amakoma bwanji?"
Ndinaseka, koma chiseko chinaima pammero.
Zaka khumi ndi ziwiri ndikukumba dimba lomwelo,
zidendene zong'aluka ndi chisanu cha Juni,
yankho ndinalibe.

Tsiku la msika ndinalawirira, nkhungu itameza msewu,
thumba pakaliyala, njinga yochita kukankha pachitunda.
Venda wa jekete lachikopa analigunda ndi nsapato
nati, "Madala, katundu wachuluka lero,"
natchula mtengo
wosafika ngakhale pa feteleza ndinakongola kwa a Ngwangwa uja.
Malole anali kupakira, ina ya Lilongwe, ina ya Blantyre.
Ndinaganiza za odzadya tchipisi pachiwaya
osadziwa dzina la mtsinje womwe ndimatungamo ndi kheni.
Sindinatukwane.
Ndinangokokanso mphira, n'kutembenuza njinga.

Nangozo anandionera patali, manja m'chiuno.
"Mwabwerera nalo?
Nanga sopo? Nanga makope a ana?"
Ndinati, "Mayi, zimenezo n'za mawa.
Bweretsani lichero."
Ndinadula chingwe ndi mano,
ndipo anagubuduzika, akuluakulu ngati chibakera cha m'busa wa ng'ombe,
osalala, opanda bala.

Anang'ung'udza, inde, koma anaphika.
Anatuma Ndaziona kukathyola nsawawa kudimba,
anyezi awiri anazula pafupi ndi khola la nkhunda,
matimati aja akupsera kumpanda,
mpiru anautendera ndi mtedza wa chaka chatha
umene makoswe anatisiyira.
Ine ndinagwedeza mtengo wa kuseri kwa khitchini... ayi, mapichesi sanapse,
ndinangobwera ndi masamba m'tsitsi.

Tinakhala pamkeka, pakhonde, mphepo ya ku Mozambiki ikuloza m'makutu.
Ndinayang'ana m'mbale n'kuwerenga:
ichi ndinadzala ndine,
ichi anathirira ndi Nangozo ali ndi pakati,
ichi anapirikitsa mbuzi ndi anawa.
Chogula m'mbalemo unali mchere wokha.

Keliasi, wa zaka zitatu, anagwira wake ndi manja awiri,
akuuzira, akusinthasintha, osafuna kumuika pansi.
Ndaziona anamubenthula pang'onopang'ono,
mkati mwake moyera, mwaufa,
natafuna atatsinzina ngati mphunzitsi wochonga mayeso.
Tonse tinadikira.

"Akukoma chimodzimodzi ndi wotemeka uja," anatero.
Kenako: "Kungoti palibe chotaya."

Nangozo anaseka mpaka kutsamwa,
ndinachita kumumenya pamsana.
Galu anayendayenda, osapeza khoko n'limodzi lomwe.

Ngongole sinathe usiku umenewo.
A Ngwangwa anabwerabe Loweruka, chipewa m'manja, ulemu wolasa,
ndipo thumba lotsalalo ndinalikankhanso pachitunda chomwecho,
n'kulandira zomwe ndinakana zija, kuchotsapo pang'ono.
Sindinama, zinandiwawa.

Koma pitani pabwalo pathu tikamakolola.
Musanaone singano ndi matumba
mupeza kamtsikana katanyamula lichero,
kakuyenda pakati pa milu ngati venda,
kakugunda ndi chala chakuphazi,
kakusankha khumi, nthawi zina khumi ndi awiri,
osafunsa mtengo kwa munthu.